Khosi lofiira la azungu osauka ndi nthenda yobisala m'chimanga

Ku America kuli dzina lonyozera azungu osauka akumudzi, makamaka a m'zigawo zakumwera monga Mississippi, Alabama ndi Georgia. Amawatchula kuti redneck, kutanthauza munthu wa khosi lofiira. Wa ku Mulanje amene anazolowera kuona mzungu akudutsa pagalimoto m'minda ya tiyi akhoza kudabwa kumva kuti kunali azungu olima thonje m'minda ya eni, ovala zigamba, okhala m'ngongole chaka ndi chaka. Analipo ochuluka zedi, ndipo dzinali linawakakamira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800.

Ambiri amati linachokera ku dzuwa. Khungu la mzungu lili ndi melanin wochepa, ndiye akatandala tsiku lonse ali chowerama ndi khasu, kumbuyo kwa khosi kumapsa n'kufiira psuu. Maburu a ku South Africa nawonso ankanyoza Angerezi ndi dzina la rooinek, lomwe tanthauzo lake ndi lomweli. Ena amakumbutsa za 1921, pamene ogwira ntchito m'migodi ya malasha ku West Virginia anamanga mipango yofiira m'khosi pomenyera ufulu wawo pa phiri la Blair, koma nthawi imeneyo dzinali linali litamveka kale.

Pali ganizo lachitatu, lomwe likutikhudza ife odya nsima. Olemba ena amaloza nthenda ya pelagra. Umboni wa dzuwa ndi wamphamvu kuposa umenewu, komabe nthendayi inalidi pakhosi pa anthu omwewo. Pakati pa 1906 ndi 1940 anthu pafupifupi 3 miliyoni ku America anadwala pelagra ndipo oposa 100,000 anamwalira, azungu ndi anthu akuda omwe. Chakudya chawo chinali ufa wa chimanga, mafuta a nkhumba ndi manyuchi a nzimbe, m'mawa, masana ndi madzulo.

Pelagra imabwera thupi likasowa niacin, yemwe ndi vitamini B3. Imayamba kuonekera pamalo pamene dzuwa limawomba: kunja kwa manja, pamikono, pankhope, pamapazi ndi mozungulira khosi ngati mkanda. Dokotala wa ku Spain, Gaspar Casal, anailongosola mu 1735 ataiona pakati pa alimi osauka odya chimanga, ndipo mpaka lero azachipatala amatchula chizindikiro cha m'khosichi ndi dzina lake. Pa mzungu malowo amafiira. Pa munthu wakuda amada bii, amakhakhala, amang'ambika ndi kusupuka, kawirikawiri mbali zonse ziwiri za thupi mofanana. Lilime limatupa n'kuchita zilonda, m'mimba mumatseguka osaleka, kenaka mutu umasokonekera: kuiwalaiwala, kukwiya msanga, kuyankhula zosamveka. Apa m'pamene achibale amayamba kulozana zala za ufiti, pomwe wodwalayo akungofuna ndiwo zabwino ndi mapiritsi otsika mtengo. Akapanda kuthandizidwa amamwalira.

Kwa zaka zambiri madokotala ankati ndi nthenda yopatsirana. Joseph Goldberger, yemwe boma la America linamutuma kukafufuza mu 1914, anaona kuti m'nyumba za ana amasiye ndi m'zipatala za odwala misala ogonekedwa ankadwala koma anamwino ayi. Chosiyana chinali mbale. Mu 1915 anapatsa akaidi 11 a ku Rankin, ku Mississippi, chakudya chodalira kwambiri chimanga atalonjezedwa kuti adzamasulidwa, ndipo 6 anatuluka zizindikiro. Andale akumwera anakwiya naye, chifukwa zotsatirazo zinkatanthauza kuti gwero la nthendayi ndi umphawi. Goldberger anamwalira mu 1929 asanadziwe chenicheni chosowacho. Amene anachipeza ndi Conrad Elvehjem mu 1937.

Chodabwitsa n'chakuti chimanga chili naye niacin, koma ndi womangika moti matumbo satha kumuyamwa. Kwawo kwa chimanga, ku Mexico, amachiphika kaye m'madzi a laimu kapena a phulusa, ndipo zimenezi zimamasula vitaminiyu. Chimanga chinawoloka nyanja koma luso limeneli linatsala. Kuno phulusa timalidziwa bwino, amayi amatcheza chidulo chophikira therere, koma chimanga sichikumana nacho. M'malo mwake timakonola, gaga n'kupatsa nkhuku ndi nkhumba, mphale n'kuviika masiku angapo kuti ufa uyere mbee. Nsimayo imakoma, palibe angatsutse, koma zomanga thupi zambiri zimapita ndi gaga ndi madzi a matsukwa.

Dziko lino linaiona pelagra ndi maso mu 1990. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique anthu othawa kwawo anadzaza maboma a m'malire, ndipo Mulanje analandira ambiri olowera ku Muloza kuchokera ku Milange. M'malo osungirako othawa nkhondo a m'chigawo chakumwera, anthu oposa 17,000 mwa anthu pafupifupi 286,000 anapezeka ndi pelagra pakati pa February ndi October chaka chimenecho, ambiri mwa iwo amayi. Ofufuza anapeza kuti mtedza unali utasiya kubwera m'chakudya chogawidwa. Amene anali ndi kadimba kapena mwayi wodya nsomba ankapulumuka. Mliriwo unazilala mtedza utabwerera, atagawa mapiritsi a vitamini komanso ufa wothira niacin.

Nthendayi sinathe. Inabukanso m'dera la Kasese ku Dowa m'zaka za njala za 2015 ndi 2016. Madokotala aionanso mwa anthu ena omwe amamwa isoniazid, mankhwala oteteza ku TB omwe amaperekedwa kwa amene ali ndi HIV, ndiponso mwa omwa kachasu mopitirira muyeso. Mulanje ndi boma la anthu othithikana ndi minda ing'onoing'ono, ndipo namondwe wa Freddy mu March 2023 anakokolola mbewu ndi ziweto za mabanja ambiri. Banja lodalira thumba la chimanga chothandizira, ndiwo zake n'kukhala masamba okhaokha miyezi ingapo, lili pachiopsezo.

Mwayi ulipo, chifukwa nandolo ndi mbewu ya kwathu konkuno. Vuto n'lakuti ambiri amagulitsa yense kwa mavenda, osasiyako ngakhale ndowa imodzi ya pakhomo. Nandolo, nyemba, khobwe, nsinjiro m'masamba, matemba kapena usipa, dzira likapezeka, zonsezi zimatseka mpata womwe nsima imasiya, ndipo mgaiwa umaposa ufa woyera.

Amene waona khungu la m'khosi kapena la kunja kwa manja likuda ndi kusupuka, makamaka ngati akutsegulanso m'mimba, apite msanga kuchipatala cha boma pa Mulanje, ku Mulanje Mission kapena kuchipatala chaching'ono chapafupi. Mapiritsi a nicotinamide, omwe ndi mtundu wa niacin, amayamba kusintha zinthu m'masiku ochepa. Omwe ali pa isoniazid asasiye okha mankhwala, akaonetse khungulo kwa adokotala.