LISITI: NDI LITI LOYENERA KUSUNGA, NDI LITI LOYENERA KUTAYA?

Mvula ikayandikira, misewu yopita ku Chipata, Katete ndi Petauke imadzaza ndi alimi okagula mbeu, feteleza ndi zida za kumunda. Akalipira ndalama amapatsidwa lisiti, koma ambiri amalitaya m'njira asanafike kunyumba, ndipo ena amangopicirapo fodya. Kapepala kameneka ndi mboni yokhayo yosonyeza cinthu cimene munthu anagula, sitolo imene anagulamo, tsiku ndiponso mtengo wace.

Si lisiti liri lonse limene liyenera kusungidwa. La mcere, sopo, shuga kapena mafuta ophikira nchito yace imatha munthu akawerenga katundu wace ndi kuona kuti cenji cakwana. Koma cinthu cimene cingaonetse cilema pambuyo pace, monga njinga, pulawo, wailesi, foni kapena sola, lisiti lace liyenera kusungidwa nthawi yonse imene cinthuco ciri pakhomo. Njinga ikabedwa n'kupezeka, apolisi amafuna umboni wakuti wodandaulayo ndiye mwini wace, ndipo lisiti lokhala ndi nambala ya njingayo limathetsa mkangano msanga.

Lisiti la mbeu ndilo lofunika koposa. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Alipo anthu osaona mtima amene amatenga cimanga ca m'nkhokwe, kucipaka utoto ndi kuciika m'matumba okongola ngati mbeu yeniyeni. Cinyengo cotere sicidziwika m'sitolo. Cimaonekera kumunda, mbeu ikalephera kumera bwino kapena zokolola zikacepa, nthawi yobzala itapita kale. Mbeu yobvomerezeka imayesedwa ndi bungwe la Boma la Seed Control and Certification Institute ku Chilanga, ndipo thumba lace limakhala ndi cizindikiro ca nambala. Mlimi wanzeru amasunga lisiti pamodzi ndi cizindikiroco kufikira atakolola, kuti akhale ndi coonetsa kwa alangizi a zaulimi ngati zinthu zalakwika.

Lamulo nalo liri kumbali ya wogula. M'caka ca 2010 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loteteza ogula, la Competition and Consumer Protection Act. Lamuloli limaletsa eni masitolo kupacika zikwangwani zonena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa, ndipo wogulitsa katundu wowonongeka ayenera kubweza ndalama kapena kupereka wina wabwino. Madandaulo otere amapita ku bungwe la CCPC. Komabe mlandu wopanda lisiti ndi wobvuta kuweruza, pakuti mwini sitolo angathe kukana kuti sanamuonepo munthuyo.

Kasungidwe kace nako kafuna nzeru. Malisiti ocokera m'makina a masitolo akuluakulu salembedwa ndi inki. Pepala lace liri ndi mankhwala amene amada akatenthedwa, ndipo cifukwa ca ici malemba amafufutika likakhala padzuwa, pafupi ndi moto kapena likakhudzana ndi mafuta. Kulisomeka kudenga la udzu ndiko kulipereka kwa ciswe ndi utsi. Malo abwino ndi m'envulopu yoikidwa m'citini cotseka, pamodzi ndi citupa ndi makadi a ana a kusikelo. Ndi bwinonso kukopera tsiku, mtengo ndi nambala ya lisiti m'kabuku, kapena kulijambula ndi foni malemba asanazimirire. Wolipira kudzera pa foni asafufute uthenga wotsimikiza malipirowo, pakuti nawonso ndi umboni.

Kumene ogulitsa amalemba lisiti pamanja, wogula aonetsetse kuti palembedwa dzina la sitolo, tsiku ndi mtundu wa katundu. Kupempha lisiti si mwano ndiponso si kukayikira wogulitsa. Wamalonda wokhulupirika amalipereka mosanyinyirika.

Zokolola zikalowa m'nkhokwe, banja lingatsegule citini cija, kutaya malisiti amene nchito yace yatha ndi kuwonkhetsa otsalawo. Pamenepo mlimi amadziwa ndalama zimene munda unadya caka cimeneco, ndipo amaona ngati mtengo umene ogula cimanga akumuuza uli ndi phindu kapena ai.