Fuluwenza Ikatsekulira Chibayo Khomo

Chisanu cha Juni ndi Julaye chikafika, timaona mipata pa mabenchi a kusukulu ndi a m'tchalitchi chifukwa cha fuluwenza. Ambirife timati, "N'chimfine chabe, chitha chokha." Kaŵirikaŵiri chimathadi. Koma kachilombo ka fuluwenza kamasupula m'kati mwa njira za mpweya, ndipo mabakiteriya amene amangokhala phee m'mphuno ndi kukhosi amatsikira m'mapapo nayambitsa chibayo.

Makolo athu ankasimba za mliri wa fuluwenza wa 1918. M'chaka cha 2008 akatswiri a ku America, atapima zidutswa za mapapo a anthu amene anafa pa mliriwo, anapeza kuti ambiri anaphedwa ndi chibayo cha mabakiteriya. Nthaŵi imeneyo kunalibe penisilini, pakuti Alexander Fleming anamtulukira mu 1928.

Tsono tichenjere naye wodwala amene anayamba kupeza bwino, kenaka thupi n'kutenthanso, m'nthiti n'kumabaya, makhololo n'kusanduka achikasu kapena amagazi. Mwana wa chaka chimodzi kufikira zinayi akamapuma ka 40 kapena kuposa pa miniti imodzi, kapena pachifuŵa pakamaloŵa m'kati, tisadikire kuti kuche. Timpempherere tili pa ulendo wa kuchipatala, kumene mankhwala opha mabakiteriya alipo.

Ndiponso makandaŵa tisaŵamane katemera wa chibayo, amene anayamba kuperekedwa m'Malaŵi muno mu 2011. Ana ameneŵa Mulungu anatisungitsa.