Kaundula wa M'kompyuta

Chaka chatha ndinatsala pang'ono kulipira buku limene sindinalikhudze n'komwe. M'kope la ku laibulale munangolembedwa kuti "Phiri, Fomu 2", pamene a Phiri m'kalasimo tinalipo anayi. Mlanduwo utatha, aphunzitsi athu anatiitana atatu nati tiwathandize kumanga m'kompyuta kaundula wa onse obwereka mabuku, amene pa Chingerezi amati database. Tsono ndifuna kukufotokozerani, anzanga, umo chinthuchi chimayendera.

Munthu aliyense ali ndi mzere wakewake, ndiwo akaunti yake. M'menemo mulembedwa dzina, kalasi ndi nyumba imene agona. Koma chimene chigwira mzere wonsewo si dzina ayi, ndi nambala, ndipo nambalayo sipatsidwanso kwa wina ngakhale mwini wake atatsiriza sukulu napita kwawo. Buku lililonse lilinso ndi nambala yake. Wina akabwereka, kompyuta ingolumikiza manambala awiriwo pamodzi ndi tsiku. A Phiri angachuluke bwanji, sasokonezekanso.

Boma linachita zomwezi, koma pa dziko lonse. M'chaka cha 2017, kuyambira Meyi kufikira Novembala, a National Registration Bureau analemba anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 kapena kuposerapo. Ine ndinali mwana, koma ndikumbukira kuperekeza amayi kukaima pa mzere, mphepo ya kuno ku Dedza ikuluma makutu. Alembi anadza ndi makina oyendera mphamvu ya dzuwa, najambula nkhope, natenganso zidindo za zala. Ndinkayesa kuti zala n'zongokometsera. Ndadziwa tsopano kuti makina amayerekeza zidindozo ndi za ena onse, kuti munthu mmodzi asalembetse kawiri ndi maina awiri. Mu 2018 manambala a lamya nawonso analamulidwa kulembetsedwa, kotero kuti nambala iliyonse ikhale ndi mwini wodziwika.

Nanga mawu achinsinsi olowera mu akaunti? Apa ndi pamene ndinadabwa koposa. Ine ndinati tiwalembe m'kaundulamo monga momwe alili, kuti woiwala tizimukumbutsa. Aphunzitsi anakana kwamtuwagalu. Mawuwo kompyuta imayamba yawagaya, nisunga ufa wake wokha, ndiwo mndandanda wa zilembo wopanda tanthauzo. Pamene mulowa, igayanso zimene mwalembazo niyerekeza ufa ndi ufa. Ufa subwerera kukhala chimanga. Chotero wakuba kaundula sapeza mawu anu msanga, pokhapokha ngati munasankha ofooka monga 1234, amene iye angathe kuwagaya yekha nayerekeza. Woiwala sitimukumbutsa, timangomulola kusankha ena atsopano. Sindibisa, oiwala ambiri ndi a Fomu 4.

Si onse ali ndi mphamvu zofanana. Wophunzira aona mzere wake wokha. Ife atatu tilemba zobwereka ndi zobweza, koma kufafaniza dzina kapena ngongole ndi kwa aphunzitsi okha, ndipo kompyuta ilemba amene wasintha kanthu ndi nthawi yake. Mnzanga wina anandinyengerera ndi chigumu kuti ndimuchotsere buku lotayika. Ngakhale ndikanafuna, sindikanatha.

Ntchito yotopetsa ndiyo kusunga kope lachiwiri. Kaundula akatsekeka, ntchito yonse yodalira iye iima. Kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kunaima kwa milungu ingapo, ndipo Pulezidenti wa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo mu Febuluwale kuti akuba a pa makina analowerera makompyuta a Immigration. Ife kuno kwa Mphunzi mdani wathu si wakuba kwenikweni, koma magetsi othimathima ndi mphezi za m'dzinja. Chifukwa chake Lachisanu lililonse tikopera kaundula yense pa fulashi, nitikaisunga m'nyumba ina, kutali ndi kompyutayo. Kamodzi pa teremu tiyesa kutsegula kopelo kuti tione ngati lili lamoyo. Ulendo woyamba tinapeza fulashi ilibe kanthu, pakuti amene anakopera anaizula msanga pothamangira belu la nsima. Munthuyo ndinali ine.