Kugulitsa nzeru kwa opanga magemu muno mu Scotland

M'nyumba zambiri za Amalawi muno mu Glasgow muli mkangano umodzi umene sukutha. Makolo akaweruka kuntchito ali otopa amapeza ana ali duu pa kanema, timabatani kumanja, akusewera magemu. Mwana akafika chaka chomaliza kusekondale n'kunena kuti akufuna kukaphunzira za magemu kuyunivesite, m'nyumba mumachita ngati mwagwa zovuta. Ambiri a ife tidakula tikudziwa kuti ntchito ndi unamwino, uphunzitsi, udokotala, uloya kapena kuwerengera ndalama. Za magemu timaziika gulu limodzi ndi bawo wa pansi pa mtengo wamango, amene abambo ena amaiwala naye kumunda.

Nkhawa ya makoloyi ndi yomveka chifukwa fizi ndi yokwera ndipo zaka za mwana zikapita sizibwerera. Komabe tisanakane kapena kuvomera, ndi bwino tidziwe mmene ntchito ya magemu ilili m'dziko lino. M'nkhaniyi tiona mbali imodzi imene ambiri saidziwa, ya anthu amene sapanga okha magemu koma amayendetsa bizinesi yogulitsa nzeru ndi luso kwa amene amapanga magemuwo. Pachingerezi amati consultant, ife tingoti mlangizi.

Zidayambira ku Dundee

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, mnyamata wina wa ku Dundee, David Jones, adayambitsa kampani yaing'ono yotchedwa DMA Design. Kampaniyi idatulutsa gemu ya Lemmings mu 1991 ndi Grand Theft Auto mu 1997. Pambuyo pake idasamukira ku Edinburgh ndipo mu 2002 idayamba kutchedwa Rockstar North. Gemu yawo ya Grand Theft Auto V, imene idatuluka mu 2013, yagulidwa makope oposa 200 miliyoni padziko lonse. Tikumbutsane pomwepa kuti gemuyi ndi ya anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo, si ya ana a kupulaimale ayi.

Mu 1997 yunivesite ya Abertay ku Dundee komweko idakhala yoyamba padziko lonse kupereka digiri ya za magemu. Muno mu Glasgow maphunziro otere amapezeka ku Glasgow Caledonian University. Kampani ya mumzinda uno imene inkadziwika ndi dzina loti No Code idapanga gemu ya Observation mu 2019, ndipo mu 2020 idalandira mphoto ya BAFTA ya gemu yopambana ya ku Britain.

Koma si makampani onse amene amapanga magemu awoawo. Minecraft, imene ana athu ambiri amaikonda, idapangidwa ku Sweden. Amene adaikonza kuti izitheka kuseweredwa pa Xbox 360 mu 2012 ndi kampani ya ku Dundee ya 4J Studios, imene idapatsidwa ntchitoyi ndi eni gemuyo. Kuzungulira kampani iliyonse yopanga magemu pali gulu la anthu ena olembedwa ntchito ya kanthawi: omasulira zilankhulo, oimba, maloya, otsatsa malonda, oyesa ngati gemu ikuyenda bwino, ndi alangizi a nkhani zosiyanasiyana. Brian Baglow, amene adagwirako ntchito yolemba pa Grand Theft Auto yoyamba, adadzatsata njira yolangiza ndi kutsatsa makampani a magemu. Iye ndiye adayambitsa Scottish Games Network komanso msonkhano wa Scottish Games Week, umene udachitika koyamba mu 2022.

Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa

Kumudzi tonse timamudziwa mlangizi wa zaulimi. Munda si wake, khasu si lake, koma akadutsa amaona msanga kuti chimanga chagwidwa ndi mbozi kapena kuti feteleza wathiridwa mochedwa. Mlangizi wa magemu amagwira ntchito yofanana ndi imeneyi. Opanga gemu amadziwa makompyuta, koma sangadziwe zonse za chipembedzo, chikhalidwe, matenda, malamulo kapena mbiri ya anthu amene akuwaika m'gemumo. Akalakwitsa, ndalama zambiri zimalowa m'madzi.

Chitsanzo chodziwika ndi cha mu Okutobala 2008. Kampani ya Sony idali itatumiza kale m'masitolo madisiki a gemu ya LittleBigPlanet pamene zidadziwika kuti nyimbo ina ya m'gemumo, ya woimba wa ku Mali Toumani Diabaté, idali ndi mawu ochokera m'Korani. Poopa kukhumudwitsa Asilamu, Sony idabweza madisikiwo padziko lonse ndi kuchedwetsa tsiku lotulutsira gemuyo. Pakadakhala munthu mmodzi womva mawuwo ndi wodziwa kulemera kwake ntchito isadathe, chisokonezo chonsecho chikadapewedwa.

Ntchito yoona zinthu zotere ilipo ndipo ili ndi akatswiri ake. Mayi Kate Edwards a ku America adaphunzira jogalafe, adagwira ntchito ku Microsoft zaka zoposa khumi akuunika mapu, zizindikiro ndi mawu amene angakwiyitse anthu a m'maiko ena, kenaka mu 2005 adatsegula bizinesi yawoyawo yolangiza makampani a magemu. Onani kuti mayiwa sadayambe ndi magemu. Adayamba ndi phunziro limene adalidziwa mozama, magemu adabwera pambuyo.

Ife a zaumoyo chitsanzo chimene chimatikhudza ndi cha Hellblade: Senua's Sacrifice, gemu ya mu 2017 yopangidwa ndi Ninja Theory ya ku Cambridge. Imakamba za mtsikana wankhondo wa ku zilumba za Orkney, kumpoto kwa Scotland, amene amamva mawu a anthu osaoneka kaamba ka matenda a maganizo. Opanga gemuyi adafunsa nzeru kwa Pulofesa Paul Fletcher wa kuyunivesite ya Cambridge, mothandizidwa ndi bungwe la Wellcome Trust, komanso adakhala pansi ndi anthu amene adadwalapo matendawa. Gemuyi idalandira mphoto zisanu za BAFTA mu 2018. Namwino aliyense amene wagwirapo ntchito m'wodi ya odwala maganizo akudziwa kusiyana kwa "wamisala" wa m'mafilimu ndi wodwala weniweni amene ali ndi dzina, ana ndi mantha ake. Kudziwa kumeneko ndi katundu amene opanga magemu amagula.

Nanga Chichewa chathu ndi chikhalidwe chathu? Apa tinene chilungamo. Makampani akuluakulu amamasulira magemu awo m'Chifalansa, Chijeremani, Chisipanishi, Chijapani ndi Chitchaina chifukwa ogula ambiri ali kumeneko. Ntchito ya Chichewa ndi yosowa ndipo munthu sangamangirepo banja. Komabe nkhani za ku Africa zayamba kulowa. Mu 2016 kampani ya Kiro'o Games ya ku Cameroon idatulutsa Aurion, ndipo mu 2024 Abubakar Salim, katswiri wa zisudzo wa ku Britain amene makolo ake adachokera ku Kenya, adatulutsa Tales of Kenzera: Zau, imene munthu angathe kuisewera akumva Chiswahili. Tsiku lina wopanga gemu akadzafuna kuikamo chigoba cha Gule Wamkulu, adzafunika munthu womuuza zimene zili zoonetsa poyera ndi zimene eni mwambo salola. Munthu ameneyo asadzakhale amene adangoonera gule pa kanema.

Walira mvula walira matope

Bizinesi ya ulangizi ili ndi minga yake, ndipo ana athu aidziwe asanalumphire. Mlangizi salandira malipiro a pamwezi, alibe holide yolipidwa, ndipo akadwala ndalama zimaima. Makampani akayamba kuona mavuto a zachuma, oyamba kuwasiya ndi anthu a kunja ngati iyeyu.

Mavutowo sachitika kawirikawiri kutali ayi. David Jones yemwe uja atachoka ku DMA Design adayambitsa Realtime Worlds ku Dundee. Kampaniyi idagwa mu Ogasiti 2010, patangopita masabata ochepa itatulutsa gemu ya APB imene sidagulidwe monga ankayembekezera. Muno mu Glasgow tidali ndi Axis Studios, imene inkapanga makanema otsatsira magemu a makampani ena ndipo idatchuka padziko lonse ndi kanema wa Dead Island mu 2011. Mu Julayi 2024 idatsekedwa ndipo anthu oposa 160 ntchito idawathera. M'zaka za 2023 ndi 2024 anthu zikwizikwi adachotsedwa ntchito m'makampani a magemu m'maiko ambiri. Ngati kampani ya zaka zoposa 20 ingagwe chonchi, kuli bwanji munthu mmodzi wodalira kasitomala mmodzi?

N'chifukwa chake alangizi anzeru samangirira mbuzi zonse pachikhomo chimodzi. Wodziwa za thanzi la maganizo angalangize opanga magemu lero, mawa opanga mafilimu, mkuja bungwe lophunzitsa anamwino. Wodziwa kukonza magemu kuti anthu olumala, osamva kapena osaona bwino azitha kusewera, luso lake limafunikanso kwa opanga mapulogalamu a m'mafoni.

Safunsa adadya phula

Chinthu choyamba kuona ndi viza. Amene ali pa Student visa saloledwa kuchita bizinesi kapena kudzilemba okha ntchito. Wophunzira digiri angathe kulembedwa ntchito mpaka maola 20 pa sabata sukulu ili mkati, koma akangolandira ndalama pa ntchito yomasulira kapena yolangiza imene waichita payekha, waswa lamulo, ngakhale ndalamayo ikhale £50. Mapeto ake akhoza kukhala kutaya viza ndi fizi yonse imene abale adavutikira. Graduate visa, imene idayamba mu 2021, imalola munthu kudzilemba yekha ntchito. Idayamba ili ya zaka ziwiri, koma boma lidalengeza mu 2025 kuti ofunsira kuyambira Januwale 2027 azipatsidwa miyezi 18, kupatula a PhD. Amene tidabwera pa viza yomangidwa kwa wotilemba ntchito, monga ya ogwira ntchito zaumoyo, tili ndi malire pa ntchito zapambali, choncho tiwerenge malamulo ake kapena tifunse loya wovomerezeka tisanayambe.

Chachiwiri ndi msonkho. Munthu akapeza ndalama zoposa £1,000 pa bizinesi yake m'chaka cha msonkho, chimene chimayamba pa 6 Epulo n'kutha pa 5 Epulo, ayenera kulembetsa ku HMRC. Fomu ya paintaneti ndi malipiro ziyenera kufika pasanadutse pa 31 Januwale wotsatira. Ena amasankha kulembetsa kampani ku Companies House kuti ngongole za bizinesi zisakhudze katundu wa banja. Za VAT zimakakamizidwa malonda akapitirira £90,000 pachaka, malire amene adakhazikitsidwa mu Epulo 2024. Bungwe la Business Gateway limapereka uphungu waulere kwa oyamba bizinesi mu Scotland, ndipo palibe chifukwa chochitira manyazi kupitako.

Chachitatu ndi pangano lolemba. Kwathu timakhulupirirana pakamwa, koma kuno pepala ndilo mboni. Panganolo linene ntchito yake, mtengo wake, tsiku lolipira, ndi mwini wa zimene zalembedwazo. Kampani ikachedwa kulipira, lamulo la mu 1998 limalola wochita bizinesi kuonjezera chiwongola dzanja cha 8 peresenti pamwamba pa mlingo wa Bank of England. Makampani a magemu amasainitsanso pangano losunga chinsinsi, chifukwa gemu imapangidwa zaka zingapo anthu asanaidziwe. Mlangizi amene angaulule kwa anzake pa WhatsApp zimene waona, watseka yekha chitseko chake ndipo akhoza kusumiridwa. Kwa ife anamwino palinso malamulo a Nursing and Midwifery Council: nzeru za ntchito tingagawe, koma nkhani ya wodwala sigulitsidwa.

Mawu kwa makolo ndi ophunzira

Inu makolo, mwana akanena za magemu musathamangire kumudula pakamwa. Mufunseni kuti akufuna kugwira ntchito yanji kwenikweni, chifukwa kusewera ndi kupanga n'zosiyana ngati kudya nsima ndi kulima chimanga. Mufunseni kuti wapangapo chiyani ndi manja ake. Yunivesite zikatsegula zitseko kwa alendo, pitani naye, mukafunse aphunzitsi kuti omaliza maphunzirowo akugwira ntchito kuti. Yang'ananinso manambala a PEGI pa magemu amene ali m'nyumba, 3, 7, 12, 16 ndi 18. Kuyambira mu 2012 ndi mlandu m'dziko lino kuti sitolo igulitse gemu ya 12, 16 kapena 18 kwa mwana wosafika zakazo. Ndipo mwana akasiya kugona, kudya bwino kapena kupita kusukulu kaamba ka magemu, imeneyo si njira ya ntchito koma ndi vuto lofunika kuonana ndi dokotala. Bungwe la WHO lidavomereza mu 2019 kuti chizolowezi chotere chikafika posokoneza moyo ndi matenda.

Inu ophunzira, palibe kampani imene imalipira malangizo a munthu amene sadagwirepo ntchito. Anthu onse tawatchula m'nkhaniyi adayamba akhala zaka zambiri pa phunziro kapena ntchito imodzi, ena pa jogalafe, ena pa udokotala, ena pa kulemba. Choncho amene akuphunzira unamwino, zamalamulo, zowerengera ndalama kapena zilankhulo asaganize kuti watsazikana ndi magemu. Amalize maphunziro, agwire ntchito, adziwane ndi opanga magemu pa misonkhano ya muno mu Glasgow, ku Dundee ndi ku Edinburgh, ndipo bizinesi aiyambe pang'onopang'ono malamulo akamulola, ntchito ya pamwezi asanaisiye.

Ndipo Chichewa musachitaye. Lankhulani ndi agogo pafoni, funsani nthano, miyambi ndi tanthauzo la miyambo mukapita kumudzi pa holide. Anzanu a m'kalasi onse amadziwa kompyuta, koma ndi ochepa amene angafotokoze bwino mmene bawo amaseweredwera kapena chifukwa chimene kalulu amapambanira njovu m'nthano zathu.