Zotupa za Mafuta Pansi pa Khungu: Kodi Gwero Lake ndi Magazi?

M'midzi ya ku Chiradzulu si chachilendo kuona bambo kapena mayi ali ndi kachotupa kofewa paphewa, pamsana kapena pamkono, kosapweteka, koyenda mukakakhudza ndi chala. Achibale ena amathamangira kunena kuti walodzedwa, namutengera kokatema mphini. Ena amati wachulutsa chiwamba. Tsono choonadi nchiti?

Madokotala amatcha chotupa chotere lipoma. Ndi mafuta ounjikana pamalo amodzi, ndipo si khansa. Chikachotsedwa bwino kawirikawiri sichimeranso pomwepo, koma anthu ena amatuluka zina m'malo ena, pakuti m'mabanja ena nzakumtundu. Kusala nyama yonona sikuchiphwetsa.

Komabe zilipo zizindikiro zina zimene zimayenderana ndi kolesterolo, mafuta amene chiwindi chimapanga ndi kuwatumiza m'magazi. Timawanga tachikasu pazikope, ndiponso timfundo tolimba pamtsempha wa kuchidendene kapena pamfundo za zala, tingasonyeze kuti mafutawa achuluka. Akachuluka amatseka mitsempha pang'onopang'ono, ndipo mapeto ake angakhale matenda a mtima kapena kufa ziwalo. Choopsa nchakuti munthu samva kanthu kufikira tsoka litagwa.

Anthu a boma lino akudziwanso mbali ina ya nkhaniyi. M'chaka cha 2001 bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka mankhwala otalikitsa moyo pa chipatala cha Chiradzulu. Mankhwalawo anapulumutsa anthu ochuluka, koma amodzi mwa iwo, stavudine, ankaphwetsa masaya ndi miyendo ya odwala ena, nakweza mafuta a m'magazi. Dziko lathu linayamba kuwasiya mu 2011. Chotero amene akumwa mankhwala a lero asawaleke chifukwa cha chotupa. Akafunse kwa adokotala.

Makolo ndi achinyamata, musabise chotupa chifukwa cha manyazi, ndipo musachicheke ndi lezala. Chikamakula msanga, chikalimba, chikayamba kupweteka, kapena chikaposa masentimita 5, pitani kuchipatala cha boma kapena ku Nguludi osazengereza. Pemphaninso kuti akuyezeni magazi, makamaka ngati kholo lanu linadwala mtima likadali laling'ono.

Kunyumba chepetsani zokazinga, idyani nandolo, nyemba, masamba ndi nsomba, ndipo lekani fodya. Thupi ndi mphatso yochokera kwa Mulungu. Tiyeni tilisamale, osati kutaya ubale polozana zala za ufiti.