CERES: KADZIKO KAMENE KADASOWA NKUPEZEKANSO

Pakati pa njira za maiko a Mars ndi Jupiter pali danga lalikulu limene mumayenda miyala yosawerengeka, yonse ikuzungulira dzuwa. Chachikulu koposa m'dangamo ndi Ceres, ndipo padangotsala pang'ono kuti anthu amtaye atangompeza kumene.

Usiku wa pa 1 Januwale 1801, wansembe wina wa ku Italy, Giuseppe Piazzi, anali kulemba malo a nyenyezi ku Palermo, pa chilumba cha Sicily. Iye adaona kanyenyezi kosawala kwenikweni, ndipo mawa lake adapeza katasuntha. Popeza nyenyezi zenizeni sizichoka pa malo awo pakati pa zinzake, adadziwa kuti waona chinthu chachilendo. Adakalonda kufikira pa 11 Febuluwale, pamene matenda adamleketsa. Pambuyo pake kadzikoko kadabisika m'kuwala kwa dzuwa.

Apa mpamene padagona vuto. Piazzi adangoona kachigawo kochepa ka ulendo wake, ndipo akatswiri sadathe kudziwa kumene kadzatulukire. Amene adamasula mfundoyi ndi Carl Friedrich Gauss wa ku Germany, mnyamata wa zaka 24. Iye adakonza njira yatsopano ya masamu yowerengera njira yonse kuchokera pa miyeso yochepayo, naloza malo oyenera kuyang'anako. Pa 31 Disembala 1801, Franz Xaver von Zach adakapeza pafupi ndi pamene Gauss adanena.

Lero njira ya Ceres njodziwika bwino. Si yozungulira ndendende ayi: akayandikira dzuwa amakhala pa mtunda wa makilomita pafupifupi 381 miliyoni, ndipo akatalikira amafika 446 miliyoni. Njirayo njopendekeka ndi madigiri oposa 10 poyerekeza ndi ya dziko lapansi. Ulendo umodzi wozungulira dzuwa umamtengera zaka 4 ndi miyezi 7, chifukwa njira yake njaitali, komanso mphamvu yokoka ya dzuwa imachepa kutaliko, kotero amayenda pang'onopang'ono. Koma podzizungulira yekha ngwachangu, pakuti tsiku lake ndi la maola 9 okha.

M'mimba mwake ndi makilomita pafupifupi 940. Mu 2006 akatswiri adamuika m'gulu la maiko ang'onoang'ono, ndipo mu 2015 chombo chotchedwa Dawn chidafika nkuyamba kumzungulira. Chidajambula mawanga owala a mchere m'chigwa cha Occator, pa kadziko kamene Piazzi adangokaona ngati kadontho ka kuwala.