Kabokosi kochuna mafuta pa njinga yamoto: kamachita chiyani kwenikweni?

Munthu wagula njinga yamoto yamakono, wachotsa ekizosi ya kufakitale n'kuikapo ina yolira kwambiri. Sipanathe sabata, njinga yayamba kuphulika "phaa! phaa!" akasiya kupatsa moto, injini ikutenthanso kuposa kale. Makaniko akumuuza kuti agule fuel tuner, kabokosi kochuna mafuta. Kodi kabokosika kamakonza chiyani? Yankho lili m'zimene mumaphunzira kale m'kalasi.

Tiyambe ndi moto. Petulo sayaka payekha, amafuna okosijeni, ndipo okosijeni ndi magawo 21 okha pa 100 alionse a mpweya. Kuti kilogalamu imodzi ya petulo ipse yonse, pamafunika mpweya wolemera makilogalamu 14.7. Akatswiri amangoti 14.7:1. Tikawerengera m'malita, lita imodzi ya petulo imafuna mpweya pafupifupi malita 9,000. Mwaonatu, injini imadya mpweya wambiri kuposa mafuta.

Njinga zambiri za kabaza zimasakaniza ziwirizi ndi kabuleta. Koma njinga za fuel injection zili ndi kakompyuta kotchedwa ECU, kamene kamalamula injekita, kampopi kopopera petulo m'injini. Injekita imatseguka kanthawi kochepa zedi, kowerengedwa m'mamilisekondi. Injini ya four-stroke ikamazungulira ka 6,000 pa mphindi, silinda imodzi imayaka ka 50 pa sekondi, ndipo ulendo uliwonse ECU imasankha kuti injekita itseguke nthawi yaitali bwanji. Imayang'ana pa tebulo limene anaikamo kufakitale, lotchedwa mapu.

Vuto la mnzathu uja ndi ili. Mapu aja anapangidwira ekizosi ndi fyuluta za kufakitale. Zatsopanozo zikamalola mpweya wambiri kudutsa, koma petulo ali yemwe uja, mafuta amachepa poyerekeza ndi mpweya. Amakaniko amati injini ili lean. Imatentha kwambiri, ndipo zikafika poipa mavavu amapsa, pisitoni mpaka kubooka. Mafuta akachuluka, amati ili rich: utsi wakuda, pulagi yodzaza mwaye, petulo kungothera chabe.

Fuel tuner, monga Power Commander ya kampani ya ku America ya Dynojet, imalumikizidwa pakati pa ECU ndi injekita. Imagwira uthenga wochoka ku ECU n'kuutalikitsa kapena kuufupikitsa. Tiyerekeze kuti ECU yati injekita itseguke mamilisekondi 4, ndipo wochuna walemba +10 pa mapu a kabokosi. Injekita itseguka mamilisekondi 4.4, ndipo petulo awonjezeka ndi magawo pafupifupi 10 pa 100. Basi, ntchito yake yaikulu ndi imeneyo. Kabokosika sikapanga mphamvu. Paja mphamvu sizilengedwa, zimangosintha mtundu; zonse zimachokera m'petulo woyaka.

Nanga amachuna bwanji? Mofanana ndi mmene timachitira mu labu. Choyamba, injini ikhale yabwinobwino: fyuluta yoyera, pulagi yabwino, osadontha mpweya paliponse. Kabokosi sikachiza injini yodwala. Kenako amazimitsa njinga, kulumikiza mawaya ku injekita ndi ku sensa ya throttle, n'kumanga waya wa earth pamalo oyenera. Akatero amakauza kabokosi pamene throttle yatsekeka ndi pamene yatseguka yonse, n'kuikamo mapu ogwirizana ndi mtundu wa njingayo ndi ekizosi yake. Mapu a njinga ina ndi nsapato ya mwini, ikhoza kukupweteka.

Chotsatira ndi kuyeza. Njinga imakwezedwa pa makina otchedwa dyno, pomwe tayala lakumbuyo limazunguza mgolo wolemera, ndipo sensa ya okosijeni imanunkhiza utsi mu ekizosi. Pofuna mphamvu zambiri throttle itatseguka yonse, ochuna amalinga cha pa 13:1, mafuta ochulukirapo pang'ono, chifukwa petulo wowonjezerayo amaziziritsanso silinda. Amasintha chinthu chimodzi, kuyeza, kulemba, kenako china. Ukasintha zitatu nthawi imodzi, sungadziwe chimene chathandiza kapena chawononga.

Pali chinanso choti muganizire. Mukakwera mamita 1,000, mpweya umapepuka ndi magawo pafupifupi 10 pa 100. Ndiye njinga ya kabuleta yochunidwa bwino ku Nsanje, kumunsi kotentha kuja, ikafika ku Dedza imapeza okosijeni wocheperapo, mafuta n'kukhala ochuluka. Njinga zambiri za ECU zili ndi sensa yoyeza mphamvu ya mpweya, choncho zimadzikonza zokha.

Ndikusiyireni ntchito. ECU yalamula mamilisekondi 5, wochuna walemba -8 pa mapu. Injekita itseguka nthawi yaitali bwanji? Ndipo ngati njingayo ndi ya mnzathu wa ekizosi yatsopano uja, injini yake izizirako kapena itenthera? Mubwere ndi yankho, ndi chifukwa chake chomwe.